Dimba la Amai ndi Malamulo a Yotamu

Lolemba

M'mawa. Kope ili wandipatsa Yotamu, akuti ndizilembamo malamulo. Ndikulemba m'Chinyanja poti Chikunda, chiyankhulo chathu, sanatiphunzitse kulemba ku mishoni.

Yotamu ndi msuweni wanga, mwana wa amalume amene akundisunga chimwalirire amai. Wafika dzulo kuchokera ku yunivesite ya ku Lusaka. Lole ina inamusiya ku Foti Jemusoni, kumene akuti tsopano tizinena kuti Chipata, ina n'kumutula panjira, kotsalako wayenda pansi ndi nsapato zosongoka. Lero akutsimphina. Wabwera ndi chipewa, ndi buku lalikulu loti munthu n'kutsamira. Amalume auza dera lathu lonse la Kakumbi kuti mwana wawo ndi loya.

Mulungu wandiona, chifukwa mlandu wanga uli Lachisanu.

Ndiulembe pano, mwina pepala lindizoloweza. Dimba ndi la amai. Mvula yapitayi mtsinje wa Lupande unasiya khwawa lake n'kukhotera mbali ya kwathu, dimba n'kutsala tsidya la a Chulu. A Chulu akuti kuyambira makolo malire a banja lawo ndi lathu ndi mtsinje, ndiye chili tsidya lawo ndi chawo. Madzi atangotsika anabzalamo chimanga. Koma dimba silinayende. Nthochi zimene amai anabzala ndi manja awo zili pomwepo. China chimene anandisiyira palibe. Mapoto ndi bulangete anagawana abale pamaliro, dimba analiiwala chifukwa linali m'madzi.

Amalume akuti, "Zisiye, mwanawe. Munthu sakangana ndi madzi." Ine sindinazisiye. Ndinapita ndekha kwa kalaliki wa khoti. Anachita kundibweretsera khutu pakamwa kuti amve, koma analemba.

Vuto langa ndi lomwelo. Pagulu mawu satuluka. Kusukulu aphunzitsi ankandidumpha powerenga kuti nthawi isathe. Kukwaya anandiuza kuti ndizingogwedeza milomo, osadziwa kuti ndi zimene ndinkachita kale.

Dongosolo la sabata:
Lolemba, kudziwa malamulo.
Lachiwiri, kuphunzira kuyankhula mokweza.
Lachitatu, mboni.
Lachinayi, kuchapa chitenje ndi kupumula.
Lachisanu, dimba.

Masana. Takhala pansi pa mtengo wa mango. Yotamu wayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Iwe mkazi wanga, usawauze atate. Ine kwenikweni ndikuphunzira zauphunzitsi. Malamulo, chilungamo ndi ndale ndi phunziro lapambali. Zauphunzitsi ndiwo munda, izi ndi kadimba chabe."

Wakhala akunditcha mkazi wake kuyambira tili ana, mwachisuweni. Zimenezo sizindivuta. Chandivuta ndi kadimbako. Koma ndadzilimbitsa mtima kuti pa nthawi ya njala chimatipulumutsa ndi dimba.

Phunziro loyamba: chilungamo n'chiyani? Akuti kalekale ku Girisi kunali amuna a ndevu amene ankakhala pabwalo tsiku lonse kukangana za funso limeneli. Wina ankati chilungamo ndi kupatsa munthu chake. Ndanyamula pensulo. Akuti ndisalembe, chifukwa mnzake anamutsutsa. Wina ankati ndi zimene wamphamvu wafuna. Naye anamutsutsa. Ndafunsa amene anapambana. Akuti onse anafa asanagwirizane.

Dzuwa litapendeka ndafunsa za mtsinje wosuntha. Wavundukula buku kutsogolo, kumbuyo, pakati. Akuti za malo amaphunzira a chaka chomaliza, amene malamulo ndi munda wawo.

Zimene ndalemba lero patsamba la malamulo: "Chilungamo:" Kutsogolo kwake kulibe kanthu.

Lachiwiri

Ndinali ndi maganizo obisika akuti Lachisanu Yotamu adzaima pambali panga ndi buku lake, ine n'kumangovomereza ndi mutu. Lero ndawaulula. Waseka mpaka kutsokomola. "Ku khoti la kuno ngakhale loya weniweni saloledwa kuyankhulira munthu. Nanji ine wa kadimba? Udzanena wekha, ndi pakamwa pako."



Wandikonzera mawu okanena. Akuyamba ndi ufulu umene dziko lalandira, n'kupita ku mbendera yatsopano, n'kubwerera ku Girisi. Dimba likutulukira kumapeto, ngati mlendo wochedwa. Mwina mwake muli Chizungu chimene lilime langa lakana. Iye atapita kukaviika mapazi m'madzi amchere, ndadula ndekha. Zatsala izi:

Dimba ndi la amai.
Nthochi anabzala ndi amai.
Unasuntha ndi mtsinje, osati nthaka.
A Chulu analowamo osapempha.

Yotamu akuti ndachotsa nyama n'kusiya mafupa. Ine ndikuti mafupa ndi amene ndingathe kunyamula.

Kuyesera. Wagadabuza mtondo, wauveka chipewa chake, akuti ameneyu ndi woweruza. Nkhuku ndi anthu a m'khoti. Ndiime chilili, ndiyang'ane woweruza kumaso.

Mtondo ndimaudziwa. Ndimasinjamo tsiku ndi tsiku. Koma utavala chipewa wasanduka wina. Ndayang'ana pansi.

"Kweza mawu! Nkhuku yakumbuyo sikumva."

Ndayesa mpaka thukuta. Mawu awiri oyamba atuluka bwino, tambala n'kupendeketsa mutu ngati wamva. Pomwepo amai ake a Yotamu adutsa ndi mtsuko. Mawu athawa. "Mukatha kupembedza mtondowo mundibwezere, ndili ndi mapira," atero.

Masana phunziro la ndale. Akuti chilandirire ufulu anthu tonse ndife ofanana, mkazi ndi mwamuna, wa nsapato ndi wopanda. Umboni wake ndi voti. Zimenezo ndavomera. Kuvota kunandikomera, suyankhula ndi munthu.

Kenako wapeza lamulo limene akulidziwa bwino, poti linabwera pamayeso. "Lemba. Pa malamulo, kukhala chete si kuvomera." Akuti munthu akakuuza kuti ndakugulitsa njinga yanga ndipo ukapanda kuyankha ndiye kuti wagula, iwe n'kukhala duu, njingayo sunagule.

Ndamupempha abwereze. Moyo wanga wonse anthu akhala akundivomerera zinthu ndili chete: kulera ana a eni, kusiya sukulu, kugona kukhitchini alendo akabwera. Kani kuli lamulo lopangira anthu ngati ine! Ndalemba, ndatsekera mzere pansi pake, pensulo mpaka kuboola pepala.

Lero silinaipe kwenikweni. Mtondo wokha ndikuuopabe, ngakhale auvula chipewa.

Lachitatu

Tsiku la mboni.

Mboni yoyamba ndi amai a Tisa, amene ankalima moyandikana ndi amai. Ndawapeza akuyanika nsomba. Yotamu wawafotokozera m'malo mwanga. Iwo akuti, "Ine maso anafooka, ana inu. Dimba lija linali pati, kodi?" Potiperekeza andinong'oneza kuti, "Bwato lowolokera ndi la a Chulu, mwanawe. Ine ndi miyendo iyi ndizidzasambira?"

Mboni yachiwiri ndi nthochi. Zimenezo sizikwera bwato la munthu. Tawoloka pamchenga poti madzi anatsika, Yotamu nsapato m'manja.

Njovu zadutsamo.

Zimene zatsala:
zitsa zophwanyika,
masamba opondedwa m'matope,
ndowe zotentha, zazikulu ngati mitsuko,
chimanga cha a Chulu, chili chiimire, chobiriwira, chosakhudzidwa.

Olondera a a Chulu anaziimbira zitini, njovu n'kupatuka pachimanga, n'kutsikira ku nthochi kumene kulibe wolondera. Ndakhala pansi. Misozi sinabwere, mwina nayo ndi yamanyazi.

Tili pomwepo afika a Lazaro, gemu gadi, woteteza nyama zakutchire wa ku kampu ya Chinzombo, kudzaona mapazi a njovu. Ndi mwana wa a Chulu omwewo. Ndimawaona kutchalitchi, amakhala kumapeto kwa benchi ngati ine. Khaki, mfuti paphewa, makutu aakulu pang'ono. "Mwaswera bwanji?" Ndayankha majombo awo.

Yotamu wawafunsa ngati tingasumire boma, poti ndilo mwini wa njovu. Iwo aganiza nthawi, n'kunena kuti, "Njovu ikafa ndi ya boma. Ikamadya ilibe mwini."

Kenako atola mkoko umodzi wa nthochi umene unapulumuka m'matope, aupukuta ndi udzu, andinyamulira mpaka pamtsinje. "Pepani. Zimaphukanso," atero, akuyang'ana kumadzi. Nanenso ndayang'ana kumadzi. Yotamu yekha ndi amene amayang'ana ife, uku ndi uku, ngati munthu woonera mpira.

Masana. Yotamu akuyendayenda pabwalo, manja kumbuyo. Akuti popanda mboni malamulo afika pothera, tsopano yakwana nthawi ya ndale. "Lemba. Ndale ndiko kusandutsa mdani kukhala mbale." Ndalemba. Wavala jekete, wapita kwa a Chulu. Ndafuna kumuuza kuti asapite. Pamene mawu amafika kukhosi n'kuti iye ali kale kuseri kwa nkhokwe.

Madzulo. Wabwera akununkha mowa wamasese, nsapato imodzi yodzaza matope, akuimba. "Zatheka! Mkazi wanga, lero ndakusudzula. Usalire, wapeza woposa ine." Watengera amalume kumbali, akambirana nthawi yaitali. Amalume abwerako akumwetulira, andiyang'ana ngati sanandionepo. Amai ake a Yotamu ayamba kusesa pabwalo madzulo ano, chinthu chimene sachita.

Palibe wandiuza kanthu. Nanenso sindinafunse.

Lachinayi

M'mawa ndachapa chitenje cha maluwa achikasu. Pa dongosolo lonse la sabata, ichi chokha ndicho chatheka.

Chili pachingwe, afika amuna awiri a kwa a Chulu, ovala makoti, wina atanyamula mbale zovundikirana zokulunga m'nsalu. Ndangoona mbalezo n'kudziwa kuti n'zofunsira ukwati. Mbale zotere sizibwera kudzapempha mchere.

Nkhani yake ndaimva kukhitchini kwa amai ake a Yotamu. A Lazaro akhala akuuza atate awo za ine kuyambira chaka chatha. Atate awo ankati tidikire, mtsikanayo watisumira. Dzulo Yotamu wakawauza kuti kudikira n'kwachikale, ukwati ndiwo uthetse mlandu, ngakhale mafumu a ku Ulaya ankatero. Akuti mkuluyo anaseka kwambiri, n'kuitanitsa chipanda china cha mowa.

Andiitana m'nyumba. Ndakhala pamphasa, miyendo yowongola, maso pansi. Nkhoswe ya alendowo yavundukula mbale, yayankhula za ulemu wanga, za kufatsa kwanga, kuti masiku ano atsikana otere asowa. Kenako yafunsa: "Mnyamatayu mukumudziwa. Ngati pali chokana, nenani tsopano, tonse tili pano."

Kwathu kuno mtsikana woleredwa bwino sayankha funso limeneli. Akakhala chete, wavomera. Wokana ndiye amayankhula.

Mawu ndinali nawo, okonzeka, ochepa: "Sindikukana, koma dikirani Lachisanu lipite." Ndi zoona, a Lazaro sindikuwakana. Munthu wopukuta nthochi ndi udzu sangakhale woipa. Ndimangofuna tsiku limodzi. Mawuwo anyamuka m'mimba, afika pakhosi, aona makoti, abwerera.

Ndamva nyerere ikuyenda pamwendo. Ndamva mbuzi panja. Kenako nthungululu ya amai ake a Yotamu, pafupi ndi khutu langa.

Alendo atapita ndamupeza Yotamu kuseri kwa khitchini. Ndamutsegulira kope, chala pamzere uja wa Lachiwiri. Wawerenga, wakanda m'mutu. "Limeneli ndi lamulo la malonda. Za ukwati wa kumudzi sitinafikepo."

Madzulo amai ake a Yotamu andikhazika pansi kundilangiza za apongozi aamuna. Ndimazidziwa, koma ati ndimvenso:
osawatchula dzina,
osawayang'ana kumaso,
iwo ali pansi, ine osaima chilili,
ndikakumana nawo panjira, kupatuka n'kugwada mpaka adutse,
osawayankha mowatsutsa, ngakhale atanena kuti ng'ona ndi nkhuku.

Ndafunsa, mawu atuluka ndithu poti tinali awiri: "Nanga mawa?"

"Mawa makamaka. Kudzakhala anthu."

Ndabwerera pa mawu anga a ku khoti. Mzere womaliza ukuyamba ndi dzina lawo. Ndayesa kulinena chamumtima, lilime lalemera. Ngakhale pano ndikuona kuti pensulo ikulizemba. Kuyambira lero ndizilemba kuti apongozi.

Chitenje chauma bwino.

Lachisanu

Anati naini koloko. Tafika dzuwa lisanatenthe, oweruza afika litadutsa pamutu. Khoti ndi lomwe lija la kale, denga la udzu, mabenchi ogwedera. Chatsopano ndi mbendera, ndi chithunzi pakhoma pamene panali cha mfumukazi. Anthu adzaza, ena pamawindo. Amva kuti loya wa ku Lusaka abwera.

Mlandu woyamba wa nkhuku. Wachiwiri wa mkazi amene anatukwana mnzake pachitsime. Ameneyo mawu ali nawo, akanandigawirako.

Kapaso, msilikali wa khoti, waitana dzina langa. Ndapita kutsogolo. Apongozi akhala pabenchi la patsogolo penipeni, poti ndi achikulire awalola kukhala, ndodo pakati pa miyendo. Sindinawayang'ane. Ndaona mapazi okha.

Iwo ali pansi. Mawondo anga apinda okha.

"Imirirani, mai," watero kapaso. Ndadzuka pang'ono, ndagwadanso. Kumbuyo amai ena akuti, "Eya, mwana woleredwa." Woweruza wamkulu, wa magalasi omanga ndi ulusi, wati ndisiyeni, ndiyankhule ndili chogwada. Ndatembenukira kukhoma kuti ndisayang'anizane ndi apongozi.

Kuyang'ana khoma kwandithandiza. Khoma lilibe chipewa.

"Dimba ndi la amai." Zatuluka! Pang'ono, koma zatuluka. Kapaso wawerama, wamva, wabwereza mokweza kuti onse amve.

"Nthochi anabzala ndi amai." Wabwereza.

"Unasuntha ndi mtsinje, osati nthaka." Wabwereza. M'khoti mwamveka kung'ung'udza kovomereza. Woweruza wati, "Mawu amenewo ndi olemera. Tsono analowa m'dimbamo ndani?"

Ndangoyang'ana khoma.

"Tchulani dzina, mwana wanga. Khoti siliweruza mphepo."

Dzinalo ndikulidziwa. Woweruza akulidziwa, lili papepala patsogolo pake. Agalu a panja akulidziwa. Koma akuti liyenera kuchoka pakamwa pa wodandaula. Kumbuyo kwanga kuli amai ake a Yotamu, kuli nkhoswe, kuli mudzi wonse, kudikira kuti aone ngati ndili mtsikana wotchula apongozi ake pabwalo ukwati usanayambe n'komwe.

Yotamu wadzuka ndi buku. "Ndi chilolezo cha bwalo lino, kalekale ku Girisi..." Kapaso wamugwira pamkono mwaulemu, wamuperekeza panja. Buku lagwa, wabwerera kudzatola, wamuperekezanso.

Kenako apongozi atsokomola. Mawu awo ndi ofatsa, ngati a munthu wopempherera chakudya. "Akuluakulu, uyu ndi mtengwa wanga, mbale zinalandiridwa dzulo. Ine ndingalimbane ndi mwana wanga pabwalo? Taonani ulemu wakewo. Mwana wanga Lazaro wasankha."

Woweruza wavula magalasi. "Wosumiridwa sanatchulidwe. Komanso apa ndikuona banja limodzi. Za m'banja kakambiraneni kunyumba."

Anthu aomba m'manja. Amai ena andikumbatira. Akuti sanaonepo mlandu wokoma chotere.

Panja Yotamu akupukuta buku. "Waona? Palibe wagonja. Ndale zimenezo." Ndinayankhula pagulu lero, koyamba m'moyo wanga, mizere itatu yathunthu. Pobwerera ndayenda kumbuyo kwa onse.

Loweruka

Zokambirana za kunyumba. Amuna akhala pansi pa mango. Ine andikhazika kuseri kwa mpanda wa bango, poti sindingakhale bwalo limodzi ndi apongozi. Nkhani ya dimba langa ndaimvera pa ming'alu, pamodzi ndi nkhuku.

Apongozi akuti, "Dimba sindimukaniza mwanayu. Ndi la amai ake, tonse tikudziwa." Ndasendera pafupi ndi mpanda. Apitiriza: "Alowemo. Apalire, athirire, aingitse anyani. Tsopano tili amodzi, nkhokwe ndi imodzi."

Nkhokwe imodziyo ili pakhomo pawo.

Amalume aomba m'manja mwaulemu, akuti mawu otere ndi a munthu wamkulu. Yotamu wanena kuti zimenezi ku yunivesite zili ndi dzina lake, walitchula m'Chizungu, palibe wafunsa tanthauzo.

Apongozi anditumizira mphatso kudzera kwa nkhoswe. Khasu latsopano.

Masana ndamufunsa Yotamu ngati palibe njira ina. Akuti ilipo, apilo, kukadandaula ku khoti lalikulu ku boma. Ndafunsa ngati kumeneko amatchulanso dzina. Akuti amatchula, ndiponso umalumbira utagwira Baibulo. Waona nkhope yanga, wakhala pansi pambali panga, nthabwala zamuthera. "Ndimayesa ndikukuthandiza," watero. Ndikudziwa. Akanakhala woipa bwenzi zili zopepuka.

A Lazaro abwera chakumadzulo pa njinga ya boma. Atilola kuima pafupi ndi nkhokwe, amai ake a Yotamu akutola nsabwe za nkhuku chapafupi, nkhuku zopanda nsabwe. Iwo akuti, "Ndamva kuti munayankhula bwino ku khoti." Ine chete. Iwonso chete. Kukhala chete ndi iwo sikulemera ngati ndi anthu ena.

Ndalimba mtima, ndati, "Dimba." Mawu amodzi. Amva. Ayang'ana majombo awo. "Ine njati ndimaima nayo maso ndi maso. Atate ayi."

Kenako akumbukira nkhani yabwino. Ku kampu nyumba za okwatira sizinamangidwe, ndiye poyamba ndidzakhala pakhomo pa makolo awo. "Mudzakhala pafupi ndi dimba lanu," atero, nkhope yowala.

Lamulungu

Popita kutchalitchi ndakumana ndi apongozi panjira yopapatiza. Ndapatuka, ndagwada. Pamalopo panali minga. Iwo aima kucheza ndi munthu wina za mtengo wa thonje. Acheza ndithu.

Ulaliki unali wa odala ali ofatsa, chifukwa adzalandira dziko. Sanatchule tsiku.

Yotamu wanyamuka titaweruka, kukadikira lole kumsewu. Nsapato wazimangirira pakhosi, wavala nkhwaira za amalume. Amalume amupatsa nsomba zouma zokapatsa aphunzitsi ake a malamulo. Potsazika wandiuza kuti akuganiza zosintha, ndale zikhale munda, zauphunzitsi zikhale dimba. "Ndaona kuti ndili nayo mphatso." Akuti za mtsinje wosuntha akafunsa kwa a chaka chomaliza, adzandiuza pa Khirisimasi. "Mlandu suola, mkazi wanga wakale." Mlandu mwina suola. Chimanga n'kuti chitakololedwa.

Masana ndawoloka ndekha. Lamulungu kudimba kulibe munthu, olondera amafika dzuwa likapendeka. Pa zitsa za nthochi patuluka timphukira, tosongoka, tofiirira. A Lazaro sananame.

Ndaima chilili pakati pa dimba. Ndakweza mawu, mokweza zedi, mpaka mbalame zauluka m'bango. Dimba ndi la amai! Nthochi anabzala ndi amai! Unasuntha ndi mtsinje, osati nthaka!

Mzere wachinayi ndatsegula pakamwa. Palibe munthu, palibe chipewa, palibe makoti. Chimanga chawo chokha, chikugwedera ndi mphepo.

Dzinalo silinatuluke.

Pobwerera ndadzera kukhwawa lakale, lija mtsinje unasiya. Muli mchenga wouma, koma njovu zakumbamo maenje, pansi pake madzi akuoneka. Amai ankati madzi saiwala khwawa. Ukadzabwerera, dimba lidzakhalanso tsidya la kwathu, ndipo malire ndi mtsinje, apongozi ananena okha. Lupande alibe apongozi. Sagwadira munthu, satchula dzina, amangodutsa. Kungoti pofika nthawi imeneyo ine ndidzakhala ndili tsidya linalo.

Ndabwerera patsamba la Lolemba, paja panatsala mpata. Kutsogolo kwa "Chilungamo:" ndalembapo kuti "tidzaona mvula ikagwa."

Mawa kupalira. Khasu lake ndi labwino, mpini wosalala, lopepuka m'manja. Chikundipweteka n'chimenecho.